Wosaona Atsogolera Wopenya: Nkhani Ziwiri za Cikondi za Mia Couto

Atsogoleri anzathu a makalasi a akulu, kuyambira ku Zóbuè mpaka ku Moatize, pali funso limene ophunzira amafunsa akangodziwa kulumikiza zilembo: nanga tsopano tiwerenge ciani? Buku loyamba latha, dzina adziwa kulemba, pepala la kucipatala akuliwerenga okha. Koma munthu sakhalira mankhwala okha, afunanso ndiwo zokoma. Anthu afuna nkhani ya cikondi, imene mtima umagunda poiwerenga, ndiponso nkhani ya zodabwitsa monga zija tinkamva pamoto madzulo. M'tsamba lino tifuna kuyesa nkhani ziwiri zotero, zonse zolembedwa ndi mwana wa dziko lino, Mia Couto. Tazisankha cifukwa ca cinthu cimodzi cimene cimasowa m'mabuku ambiri: m'nkhani zonse ziwiri, munthu amene ali pakati pa cikondico ndi munthu wolumala.

Zimenezi si za kutali kwa ife. Nkhondo ya zaka 16 inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera kwao, ena ambiri podzera pa cipata cathu comwe cino ca Zóbuè. Anapeza minda ndi njira zobisa mabomba okwirira. Mu 2015 boma linalengeza kuti malo onse a mabomba amene anali kudziwika ayeretsedwa, koma mwendo umene unaduka sunamerenso. Onjezanipo khungu la ng'ala ndi la cikuku, poliyo, ndi ngozi za pamseu wa ku Tete. Akulu anati lungalunga n'kubadwa, cilema cicita kudza. N'kobvuta kupeza kalasi lopanda munthu wa ndodo, kapena mai amene wasiya mwana wosamva kunyumba. Anthu amenewa akatsegula buku, kodi adzipezamo? Ndipo akadzipeza, adzipeza ali otani: opempha pamsika ndi oseketsa anthu, kapena anthu a mtima wofunsira ndi kufunsiridwa?

Mia Couto anabadwira ku Beira mu 1955, ndipo makolo ake anali Apwitikizi amene anabwera kudzakhala kuno. Anayamba ndi nchito ya utolankhani, pambuyo pake anaphunzira za nyama ndi zomera, ndipo nchito imeneyo yamuyendetsa m'madera ambiri a Moçambique. Buku lake lochuka la za nkhondo, Terra Sonâmbula, linatuluka mu 1992, ndipo mu 2013 analandira mphoto ya Camões, imene ndi yaikulu koposa kwa olemba m'Cipwitikizi. Iye alembadi Cipwitikizi, koma acipinda monga tipindira nsungwi poluka licero. Amatenga mau awiri n'kuwalumikiza kuti abale liu latsopano. Dzina la buku loyamba limene tikambe, Estórias Abensonhadas la 1994, lili conco: walumikiza liu lotanthauza kudalitsidwa ndi liu lotanthauza kulota. Nkhani za m'menemo anazilemba nkhondo itangotha, dziko likali kununkha utsi, ndipo imodzi mwa izo ndi ya wakhungu dzina lake Estrelinho.

Nkhani ya Estrelinho mwacidule

Estrelinho saona, ndipo kuyambira kale amayenda atagwira dzanja la mnyamata dzina lake Gigito Efraim. Gigito ndi mtsogoleri wa mtundu wake. Akamayenda, sauza mnzake zimene zilipodi. Pamene pali fumbi ndi umphawi, iye amafotokoza dziko lodzala ndi zokongola zimene munthu sanazionepo, ndipo wakhunguyo amamvetsera mokondwa, napempha kuti amuuze zina. Tsiku lina m'mwezi wa Disembala abwera a usilikali, namutenga Gigito kupita naye kunkhondo. Estrelinho adandaula kuti mnyamatayo sanafike msinkhu, koma ndani amva? Pocoka, Gigito amulonjeza kuti sadzatsala yekha, mlongo wake adzabwera. Kwa nthawi yoyamba wakhunguyo aulawa mdima weniweni. Ayenda mopunthwa, nagona m'mbali mwa njira.

Mlongoyo afikadi, dzina lake Infelizmina. Iye ndi wofatsa, wa mau ocepa, ndipo sadziwa kupeka. Mtengo auchula mtengo, mwala auchula mwala. Estrelinho, amene anazolowera dziko la Gigito, ayamba kufota monga cimanga ca pa cilala, aleka kudya, aleka kufunsa. Pamenepo mpamene awiriwa ayandikizana, nakhala mwamuna ndi mkazi, ndipo usiku umenewo wakhunguyo agona tulo ta mtendere. M'mawa mwake ufika uthenga wakuti Gigito wafa. Tsopano wofota ndi Infelizmina: aleka kulankhula, cisoni cimudya. Estrelinho amutenga, apita naye pakhonde, nayamba kumufotokozera dziko monga ankacitira Gigito, mwinanso kuposa. Pang'ono pang'ono mtsikanayo amwetulira. Pomaliza afunsa kumene kuli zonse zimene akumvazi, ndipo wakhungu uja ndiye amene anyamuka kuti amusonyeze njira. Nkhani ithera pomwepo. Ndi masamba owerengeka cabe, wodziwa Cipwitikizi aimaliza madzi a nsima asanawire.

Zimene zatikondweretsa

Coyamba cimene tiyamika n'cakuti maso a Estrelinho satseguka. Mwina wina adabwa kumva tikuyamika zimenezi, koma taganizani. Tonse tinakula ndi nthano za mtsikana amene abvomera mwamuna wa zilonda, kapena wobisala m'cikopa ca nyama, ndipo ukwati utacitika cikopaco cibvuka, patuluka mnyamata wosalala. Azungu naonso ali nazo zao zotero. Nthano zimenezi ziphunzitsa kusanyoza munthu cifukwa ca maonekedwe, ndipo phunzirolo ndi labwino. Koma pansi pake pabisala phunziro lina lowawa, lakuti cilema ndi cobvala cimene munthu ayenera kubvula kuti cimwemwe cake cikwanire. Nanga amene sangabvule? Bambo amene anasiya mwendo wake m'munda akamva nthano yotero, adziwa kuti mathero okomawo si ake. Couto ndi wolemba zodabwitsa, m'mabuku ake akufa amalankhula ndipo anthu amasanduka nyama. Kutsegula maso a munthu mmodzi sikukanamubvuta. Koma sanatero, ndipo mtsikana akonda Estrelinho monga momwe alili.

Caciwiri, taonani amene acira m'nkhaniyi. Ife owerenga tiyamba ndi maganizo akuti wodwala ndi wakhungu, wothandiza ndi wopenya. Pofika kumapeto zinthu zatembenuka mwakacetecete. Infelizmina ali ndi maso awiri abwinobwino, koma imfa ya mlongo wake yamuzimitsira dziko, ndipo munthu yekhayo amene adziwa kuyenda mumdima ndi Estrelinho. Iye anataya Gigito poyamba, analawa kale kutsala wopanda dzanja logwira, nadziwa kuti munthu safa nazo. Cimene apatsa mkaziyo ndi luso limene anaphunzira kwa zaka zambiri pomvetsera. Apa mpamene nkhaniyi ikhala ya cikondi ceniceni. Cifundo cimayenda njira imodzi, kucokera kwa wopatsa kupita kwa wolandira, ndipo munthu wolandira masiku onse amatopa nako kuthokoza. M'banja mbale imapita uku ndi uku: lero ndakugwira dzanja ine, mawa undigwira ndiwe.

Cacitatu, wolemba sacita manyazi kunena kuti wakhungu ndi mwamuna wokhala ndi thupi ndi cilakolako. Wazinena ndi ulemu, m'mau ocepa, kotero kuti mtsogoleri angazifotokoze pamaso pa akulu popanda kuweramitsa mutu. Koma wazinena ndithu. M'midzi mwathu munthu wolumala, ngakhale wa imvi, ambiri amalankhula naye ngati mwana, ndipo akafunsira mbeta anthu amaseka kuseri, eti amene uja adyetsa bwanji banja? Kwa mkazi wolumala mtolo ndi wolemera koposa, pakuti amuna ena amamudziwa usiku, masana n'kumukana. Nkhani imene ionetsa wosaona akukondedwa poyera, pakhonde pa nyumba, ikutsutsa mcitidwe umenewu popanda kulalikira.

Maina naonso ali ndi nchito. Estrelinho licokera ku liu la Cipwitikizi lotanthauza nyenyezi, ndiye kuti Kanyenyezi, pamene Infelizmina licokera ku liu lotanthauza munthu wosakondwa. Ife sitidabwa nazo, pakuti tili ndi a Mabvuto, a Masautso ndi a Tsoka m'midzi mwathu, ndipo tidziwa kuti dzina limasenza mbiri. Nyenyezi sioneka masana, imadikira kuti kude. Dzina la kuwala lapatsidwa kwa munthu amene anthu amuyesa wa mumdima, dzina la cisoni lapita kwa wopenya, kotero kuti mathero a nkhani anabisika m'maina kuyambira paciyambi. Musawauze ophunzira cinsinsi cimeneci msanga. Atanthauzireni maina okha, kenaka dikirani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Akacizindikira okha mudzaona nkhope zao, ndipo ndiko kukoma kwa kuwerenga kumene tifuna kuti alawe.

Bodza la Gigito

Pali funso limene lidzautsa mkangano m'kalasi: kodi Gigito anacita bwino kunamiza mnzake? Wolemba aoneka kuti ali kumbali ya Gigito. Kwa iye, m'dziko lophwanyika ndi nkhondo kulota ndiko kumasunga munthu, ndipo coonadi copanda mcere ca Infelizmina cidwalitsa. Tikumumvetsa. Amene anakhala m'misasa ya othawa nkhondo ku Mwanza adziwa kuti nthano za madzulo ndi nyimbo za kwao zinali ngati cakudya. Koma ife a m'dera lino tidziwanso kanthu kena. M'zaka zija anthu ankabwerera, mtsogoleri wa wakhungu akananena kuti kutsogoloku kuli maluwa, pamene kuli cikwangwani cofiira ca mabomba, akanaphetsa onse awiri. Wosaona amaika moyo wake m'dzanja la womutsogolera, ndipo ayenera kudziwa pamene pali dzenje. Kumubisira dziko lenileni, ngakhale mwa cikondi, ndi kumuyesa mwana.

Tikawerenga mosamala, nkhaniyo yokha ibvomereza pang'ono zimenezi. Gigito atangocoka, Estrelinho agwa. Zaka zonse zija mnyamatayo anamupatsa maloto odzaza nkhokwe, koma sanamusiyire njira imene angayende yekha. Infelizmina naye ali ndi kupereweza kwake, pakuti amamuuza zimene zilipo koma samupatsa cifukwa codzukira m'mawa. Ife tikuona kuti Estrelinho akhala mtsogoleri pokhapo atadutsa m'manja mwa onse awiri. Kwa mmodzi anaphunzira kulota, kwa wina anaphunzira kuti dziko lili ndi miyala ndi imfa. Cifukwa cake maloto amene afotokoza pakhonde paja ndi osiyana ndi a Gigito, ngakhale mau afanane. Gigito ankapekera munthu amene sakanatha kumutsutsa. Estrelinho akupekera munthu wopenya, amene adziwa bwino kuti kutsogolo kwa khonde kuli fumbi lokhalokha, koma asankha yekha kumvetsera.

Apa nkhaniyi ikutikhudza ife eni. Aliyense amene anawerengerapo gogo kalata yocokera kwa mwana wake wa ku Beira kapena ku Joni, kapena uthenga wa pa foni masiku ano, anagwirapo nchito ya Gigito. Mau ali m'manja mwako, mwini wake akuyang'ana pakamwa pako. Ukafika pa mzere wowawa, mtima umati ndilumphe, kapena ndiukometse pang'ono. Enanso amalumpha mzere wa ndalama, ndipo kumeneko ndi kuba. Cimene tikhalira pansi pa mtengo ndi coko m'manja n'cakuti gogoyo adzawerenge yekha mzere wowawa ndi wokoma womwe. Mtsogoleri wa kalasi amene ophunzira ake sangayende iye atacoka wabwereza colakwa ca Gigito, ngakhale akhale wokondedwa bwanji.

Pamene sitigwirizana ndi wolemba

Buku labwino silitanthauza buku lopanda banga, ndipo nkhani iyi ili ndi mabanga ake. Loyamba ndi kufooka kumene Estrelinho aonetsa mtsogoleri wake atacoka. Munthu amene wakhala wosaona zaka zonsezo, kodi angalephere kudziwa bwalo la kwao? Akhungu amene tiwadziwa amazindikira njira ndi mapazi, ndi mphepo, ndi kulira kwa mtondo wa kwa aneba. Amaluka mphasa, amalima, amagulitsa pamsika, ena amakwera chapa okha ndi ndodo yao yoyera. Ali ndi bungwe lao la dziko lonse, ACAMO, limene amaliyendetsa eni ake. Makolo athu ankadziwa zimenezi pamene anati wakhungu akati ndikugenda, waponda mwala. Wolemba wakulitsa mdima kuti kuwala kwa kumapeto kuoneke bwino, koma potero wabwereza maganizo a openya, akuti kusaona ndi kusowa cocita.

Banga laciwiri ndi lobisika kwambiri. Estrelinho apambana cifukwa ali ndi mphatso yodabwitsa ya kuona zosaoneka. M'mabuku a maiko ambiri wakhungu amakhala mlauli kapena woimba, ngati kuti ayenera kulipira khungu lake ndi luso lapadera. Ndi mwambi wathu uja wakuti ukaipa dziwa nyimbo. Oimba osaona alipodi, ndipo amene ankachera wailesi ya ku Malawi akumbukira banjo ya Allan Namoko. Koma bwanji za wakhungu wamba, amene saimba, salota zodabwitsa, ndi wokonda mkangano pang'ono ndipo amacedwa kubweza ngongole monga enafe? Kodi iyeyo sayenera kukondedwa? Munthu wopenya safunsidwa mphatso yapadera kuti apeze banja. Nkhani imene tikuiyembekezabe ndi ya wolumala amene akondedwa popanda kulipira kanthu.

Lacitatu likhudza Infelizmina. Mlongo wake amupereka kwa wakhungu monga munthu asiyira mnzake khasu, ndipo sitimva kuti iye anafunsidwa. Abwera, atumikira, pambuyo pake akhala mkazi. Amai a m'makalasi athu adzaliona msanga banga ili, pakuti adziwa kuti nchito yosamala odwala ndi olumala imagwera pamutu pa mkazi kapena mtsikana, amene nthawi zina amasiyira sukulu pomwepo. Kumapeto cikondi ca awiriwa cikhala ca onse, sitikana. Koma ciyambi cake ndi lamulo la mwamuna, ndipo wolemba wadutsapo osayang'ana m'mbali.

Miyendo ya Mariamar

Buku laciwiri ndi lalitali, A Confissão da Leoa, ndiye kuti kuulula kwa mkango waukazi, ndipo linatuluka mu 2012. Linabadwa m'zocitika zenizeni: mu 2008 mikango inapha anthu ambiri ca kumpoto kwa Cabo Delgado, ndipo Couto anazidziwa pafupi cifukwa ca nchito yake ya za cilengedwe. M'bukuli mudzi ndi Kulumani. Mikango ikugwira akazi, ndipo mmodzi wa iwo ndi Silência, mkulu wake wa Mariamar. Aitanidwa mlenje, Arcanjo Baleiro, kucokera ku Maputo. Nkhani isimbidwa ndi anthu awiri mosinthana, mutu wina Mariamar, mutu wina mlenje. Mariamar anakumana ndi mlenjeyu zaka 16 m'mbuyomo, namukonda, ndipo wakhala akumusunga mumtima, koma mtima wa mlenje uli kwa mkazi wina. Tikamawerenga, malire a pakati pa mkazi ndi mkango ayamba kufufutika, mpaka sitidziwanso ngati cirombo cili kuthengo kapena m'nyumba.

Ali mtsikana wamng'ono, miyendo ya Mariamar inafa, ndipo agogo ake Adjiru anamutengera ku mishoni, kumene anakhala kufikira anayambanso kuyenda. Mphamvu ya buku ili ndi yakuti Mariamar alankhula yekha. Za Estrelinho timamva kwa wina, timuona ca kunja monga tionera munthu wodutsa pamseu. Mariamar ndiye agwira colembera, natiuza yekha mmene zimamvekera kukhala pansi anzako akuthamanga, kunenedwa wamisala, kudikira mwamuna amene sabwera. M'mudzi umene akazi aphunzitsidwa kutseka pakamwa, iye ali ndi kope lake. Kwa ife ophunzitsa kulemba, palibe umboni woposa umenewu wa cimene colembera cingacite m'dzanja la munthu amene mudzi unamuika kumbuyo kwa citseko.

Koma pa nkhani ya cilema, buku lalitalili likucepera kankhani kafupi kaja. Kufa kwa miyendo ya Mariamar ndi cizindikiro ca cinthu cina, ca nkhanza za m'nyumba ndi ca kumangidwa kwa akazi onse a ku Kulumani. Cilema cibwera pamene wolemba acifuna, cicoka pamene cagwira nchito yake. Monga fanizo ndi camphamvu, sitikana. Koma mai amene poliyo inamufoola miyendo ali mwana si fanizo la kanthu ai. Ndi munthu amene afuna njinga ya olumala, citseko cotambalala, ndi mwamuna womulemekeza. Tidziwenso kuti bukuli ndi lolemera: muli kugwirira akazi, muli imfa, ndipo cikondi cake sicithera pa ukwati. Mtsogoleri aliwerenge yekha poyamba, asankhe zigawo, ndipo aganize bwino asanalibweretse m'kalasi losakaniza amuna ndi akazi. Ciweruzo cathu ndi ici: pa za ulemu wa wolumala, Estrelinho apambana, koma pa za kupatsa munthu liu lakelake, apambana Mariamar.

Tikafika kukalasi

Mabuku onse awiri analembedwa m'Cipwitikizi, ndipo Cipwitikizi ca Couto cimapunthwitsa ngakhale amene anafika kusekondale. Cinyanja cinayesedwa m'sukulu za boma kuno ku Tete pakati pa 1993 ndi 1997, m'nchito ija ya PEBIMO, ndipo kuyambira pamenepo mabuku ophunzirira aonjezeka, koma mabuku owerenga pofuna kusangalala akali ocepa. Cotero nchito ili kwa inu. Werengani nkhani ya Estrelinho kawiri kapena katatu, kenaka muisimbe m'Cinyanja ca kwanu monga nthano, osalimbana ndi kumasulira liu ndi liu. Imani pamene Gigito atengedwa, mufunse kalasi kuti ciani cicitike. Imaninso pamene uthenga wa imfa ufika. Ambiri adzati wakhungu afa ndi cisoni, ena adzati maso ake atseguka. Lembani mayankho ao pabolodi m'mau afupiafupi kuti awawerenge okha, ndipo pomaliza muwauze mathero enieni.

Ngati m'kalasi muli munthu wolumala, musamuloze kuti ayankhire olumala onse. Akafuna kulankhula alankhula yekha, ndipo akatsutsa nkhaniyo mumvereni, pakuti adziwa zimene wolemba ndi ife sitinadutsemo. Samalaninso kuti kuyamika nkhani yopanda maciritso kusamveke ngati kuletsa cipatala. Ng'ala imacotsedwa ndi opaleshoni, ndipo agogo ambiri amene akhala mumdima angapenyenso atapita nao kwa a maso. Amene angacire acire. Cimene tikukana ndi kuuza amene sangacire kuti moyo wake uyembekeze.

Pali cinthu cina cimene nkhaniyi itipempha kusiya. Pa misonkhano ya sukulu za akulu timamva kawirikawiri kuti kusadziwa kuwerenga ndi khungu, ndi kuti aphunzitsi abwera kudzatsegula anthu maso. Mau amenewa amakoma pakamwa, koma amanyoza anthu a mitundu iwiri nthawi imodzi. Amauza mai amene walera ana, nasunga mbeu m'zaka za nkhondo, kuti anali wosaona kanthu. Amauzanso wakhungu kuti iye ndiye cithunzi ca umbuli, pamene akhungu amawerenga. Louis Braille wa ku France, amene anataya maso ali mwana, anakonza zilembo za madontho otukuka mu 1824 ali ndi zaka 15. Cilembo ciliconse cimapangidwa mwa madontho 6, ndipo cala cimawerenga monga diso. Ku Beira kuli sukulu ya osaona yophunzitsa zimenezi. Dziko lathu linabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2012, ndipo kuphunzira ndi umodzi wa maufulu amenewo. Kalasi limene likumana pamalo okwera masitepe, kapena limene liphunzitsa ndi bolodi lokha popanda kuchula mokweza zolembedwa, latseka kale citseko kwa ena.

Couto walemba mbali yake, ndipo tamuyamika pamene ayenera, tamutsutsa pamene ayenera. Koma iye ndi wopenya wa mumzinda, wolemba m'cilankhulo ca sukulu. Nkhani za cikondi za olumala a kuno zili m'mitima ya anthu amene akhala pa mabenci a makalasi anu: mmene anafunsirana, zimene apongozi ananena, amene anaseka ndi amene anaima nao. Pemphani ophunzira kuti apeke nkhani yao pamodzi, mzere umodzi munthu mmodzi, asinthe maina kuti pasakhale wocititsidwa manyazi. Aikemo mizimu, mikango yolankhula, phiri lotseguka, ciliconse cimene mtima ufuna, pakuti nthano ndi yao. Lamulo likhale limodzi lokha: amene ayamba nkhani ndi mwendo umodzi aimalize ndi mwendo umodzi, ndipo akondedwe conco. Mukalemba, titumizireni kuti makalasi ena awerengeko.